Funsani Mlangizi: Mitengo ya thundu ikuuma kunja, nanga milombwa yathu?

Mwezi uno makalata ambiri amene tinalandira anali onena za mitengo, ndipo tasankhapo atatu ochokera m'maboma a Nkhotakota ndi Salima, chifukwa ngakhale olemba ake sadziwana, onse akufunsa za mtengo umene ukufa uli chiimire, nkhwangwa isanaukhudze. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, mayina sitiwatchula, ndipo makalatawo tawafupikitsa pang'ono.

FUNSO

A Mlangizi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala kumtunda kwa boma la Nkhotakota, kufupi ndi msewu wopita ku Kasungu. Mwana wanga amene akuphunzira ku Missouri, m'dziko la America, ananditumizira pa WhatsApp zithunzi za nkhalango ya boma ya kumeneko, momwe mitengo ikuluikulu yotchedwa oak yauma, ina kunsonga kokha, ina thunthu lonse. Iye akuti palibe anaidula kapena kuitentha, inangoyamba yokha kufota, ndipo akatswiri akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti kuseri kwa munda wanga kuli milombwa inayi imene ndinaipeza ili kale ikuluikulu pamene ndinkakhazikika kuno, ndipo iwiri yayamba kuuma kuchokera kunsonga. Chaka chatha nthambi za pamwamba sizinaphuke, ndipo chaka chino kuumako kwatsikira pakati. Kodi ndi matenda omwewo? Kodi angawoloke nyanja n'kudzatimalizira mitengo yochepa imene yatsalayi?

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota

YANKHO

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, makamaka poti mwaiyang'anitsitsa mitengo yanuyo mpaka kudziwa kumene kuuma kunayambira ndi kumene kwafika. Mtima ukhale pansi, pakuti chimene chikupha mitengo ya ku Missouri sichinawoloke nyanja kudzagwira milombwa yanu. Komabe njira imene mtengo waukulu umadutsamo pofa ndi imodzi, kaya uli ku America kaya uli m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndipo akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndifotokoza nkhani ya kumeneko mwatsatanetsatane.

Oak ndi mtengo umene m'Baibulo lathu la Chichewa timauwerenga kuti thundu, ndipo nane ndiziutcha choncho. Uli ndi mitundu yoposa 400, yambiri yake ku America, Mexico, Ulaya ndi Asia, koma m'nkhalango zachilengedwe za kuno kwathu mulibe. Mtengo wina wobzala umene ena amautcha silky oak ndi wochokera ku Australia ndipo suli pachibale ndi thundu. Kwa eni ake, mitengo ya thundu ndiyo nsanamira ya nkhalango, monga momwe mombo, tsamba ndi mchenga zilili kwa ife. Matabwa ake amapangira mipando, pansi pa nyumba ndi migolo yosungiramo vinyo, pamene zipatso zake zimadyetsa agwape, agologolo ndi mbalame.

Nkhalango yaikulu ya boma ku Missouri ndi Mark Twain National Forest, imene inakhazikitsidwa mu 1939 m'mapiri a Ozark. Ili ndi mahekitala pafupifupi 600,000, kutanthauza kuti nkhalango yathu ya zinyama ya Nkhotakota ingalowemo katatu n'kutsala malo. Kuti timvetse chimene chikuchitika kumeneko lero, tiyenera kubwerera ku zaka za pakati pa 1880 ndi 1920, pamene makampani a matabwa anagwetsa pafupifupi mitengo yonse ikuluikulu ya m'mapiriwo, makamaka paini wachilengedwe wa kumeneko, pofuna matabwa ndi mitanda ya njanji. Boma litagula malowo m'zaka za m'ma 1930 n'kuletsa moto, nkhalango inabwerera, koma sinali ija yoyamba. Pa zitunda za miyala ndi dothi losaya, pamene kale pankamera paini, panadzadza mitengo ya thundu ya mtundu wofiira, yambiri yophukira pa zitsa zakale, yothithikana, ndiponso yonse ya msinkhu umodzi. Mitundu imeneyi sikhalitsa ngati thundu woyera, ndipo ikafika zaka 70 mpaka 90 imakhala yayamba kutopa. Popeza inabadwira pamodzi, inakalambiranso pamodzi.

Kenaka kunabwera chilala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira cha m'ma 1999 kachilombo kotchedwa red oak borer, kamene mphutsi zake zimaboola thunthu, kanachuluka moposa kale lonse ku Missouri ndi m'chigawo choyandikana nacho cha Arkansas. Kachilomboka sikanali kachilendo. Kanali m'nkhalangomo kuyambira kalekale, kakuswana mwakachetechete popanda woda nako nkhawa, ndipo kanangopeza mitengo yambirimbiri yofooka nthawi imodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Katswiri wina wa matenda a mitengo wa ku America, Paul Manion, anafotokoza kuti kufota kotereku kumadza m'magawo atatu. Poyamba pali zinthu zimene zimafooketsa mtengo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga ukalamba, dothi losauka ndi kuthithikana. Kenaka pamagwa tsoka la nyengo imodzi kapena ziwiri, monga chilala, chisanu choopsa kapena mbozi zomaliza masamba. Pomaliza pamabwera tizilombo ndi bowa zimene zimangomalizitsa. Woweta ng'ombe aliyense amazidziwa zimenezi, chifukwa ng'ombe yokalamba imene yadutsa m'chilimwe chopanda msipu ndiyo imadzadza nkhupakupa, ndipo ikafa anthu amaloza nkhupakupazo, kuiwala njala imene inayamba. Mvula ikakuona litsiro sikata.

M'kati mwa mtengo zimayenda motere. Mtengo umasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu, ngati nkhokwe. Chilala chikafika, masamba amatseka timabowo take kuti madzi asathe, ndipo akatero kupanga chakudya kumaima, mtengo n'kuyamba kutapa m'nkhokwe. Mbozi zikadya masamba, mtengo umatapanso kuti uphukitse ena. Nkhokwe ikatsika, timizu ting'onoting'ono timafa, madzi amalephera kukwera mpaka pamwamba, ndipo n'chifukwa chake kuuma kumayambira kunsonga monga mwaonera pa milombwa yanu. Mtengo wotere sukhalanso ndi mphamvu yotseka bala kapena yomiza mphutsi mu utomoni. Imfa yeniyeni imafika patapita zaka ziwiri, zitatu kapena kuposerapo chilala chitatha, pamene mvula yabwerera ndipo anthu aiwala, kotero amadabwa kuona mtengo ukufa m'chaka cha mvula yabwino.

Mwa omalizitsawo, mmodzi timamudziwa kuno kwathu. Ndi bowa wa m'mizu wotchedwa Armillaria. Nditangoyamba kumene ntchito, mkulu wina anandiimitsa pa mtengo wa paini wachikasu masamba, nafukula dothi patsinde, natema khungwa ndi chikwanje. Pansi pa khungwalo panali chinthu choyera chofewa ngati pepala lonyowa, chotambasuka ngati chikhatho, chonunkhira bowa weniweni, ndipo mkuluyo anandiuza kuti ndikumbukire fungo limenelo. Bowa ameneyu anavutitsa minda ya tiyi ku Mulanje, kumene ankachokera m'zitsa za mitengo yodulidwa n'kulowa m'mizu ya tiyi, ndipo katswiri wotchedwa Leach anamufufuza kumeneko m'zaka za m'ma 1930. Abale ake a bowa yemweyu ndi amene amaoletsa mizu ya thundu ku Ozark.

Kunena zoona, ilipo miliri ina ya thundu imene ili matenda enieni opatsirana, ndipo tisaisokoneze ndi kufota kumene ndafotokozaku. Ku California, kuyambira cha m'ma 1995, kachilombo kachilendo kotchedwa Phytophthora ramorum kapha mitengo mamiliyoni, yathanzi yomwe. Ku Spain ndi ku Portugal mbale wake, Phytophthora cinnamomi, amaoletsa mizu ya thundu amene khungwa lake amapangira zotsekera mabotolo. Ku England akatswiri a boma akhala akufufuza vuto lotchedwa acute oak decline, momwe thunthu limachucha madzi akuda m'ming'alu ya khungwa chifukwa cha mabakiteriya, ndipo nthawi zambiri pamapezekanso timabowo tooneka ngati chilembo cha D timene kachilombo kena kamatulukira. Ngakhale kumeneko, zapezeka kuti nyengo ndi dothi zili ndi gawo lalikulu pa kumene vutoli limakula.

Tsopano tibwerere kuseri kwa munda wanu. Mlombwa nawo uli ndi mbiri ya kufota. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe, kumene amautcha mukwa, vutoli lakhala likudziwika kwa zaka zambiri, ndipo bowa wotchedwa Fusarium oxysporum wapezeka m'mitengo yodwalayo, chilala ndi moto zikutchulidwa monga zotsogolera. Milombwa yanu inali kale ikuluikulu pamene munkaipeza, yadutsa m'chilala cha 2015 mpaka 2016 ndiponso m'nyengo yosokonekera ya 2023 mpaka 2024, pamene madera ena ankapsa ndi ng'amba pomwe ku Dwangwa madzi ankasefukira, ndipo mtengo wa m'malire a munda umakumana ndi khasu m'mizu komanso moto wa mapesi patsinde chaka ndi chaka. Choncho pitani mukaone patsinde ngati pali chipsera cha moto kapena mphako, ngati pali mabala a ofuna mankhwala amene amasenda khungwa, ngati pali utuchi wogwa m'timabowo, ndiponso ngati mizere ya munda yafika pansi pa nthambi. Lekani kulima ndi kutentha pansi pa mthunzi wake wonse, siyani masamba ogwa aphimbe nthaka, ndipo nthambi zouma zimene zingagwere anthu zidulidwe bwino pafupi ndi thunthu. Iwiri yathanziyo ndiyo muisamale koposa, chifukwa ndiyo ingakupatseni mbewu.

FUNSO

A Mlangizi, ndine mlembi wa komiti yoyang'anira nkhalango ya m'mudzi mwathu, kumunsi kwa mapiri a Thuma m'boma la Salima. Takhala tikuiteteza nkhalangoyi kwa zaka zingapo ndipo yayamba kubwerera, koma muli mitengo ina imene ikuoneka youma. Pa msonkhano wathu abambo ena anati mitengo yonse yodwala idulidwe msanga isanapatsire inzake, ndipo mnyamata wina anawerenga pa foni kuti ku America boma limadula mitengo komanso kutentha nkhalango zake mwadala pofuna kuzichiritsa. Ine ndikukayika, chifukwa amene akulimbikira kwambiri ndi omwe aja ankaotcha makala tisanakhazikitse malamulo. Tichite bwanji?

Mlembi wa komiti, Salima

YANKHO

Mayi, zimene mnyamatayo anawerenga n'zoona, koma anawerenga theka lokha, ndipo theka limene analisiyalo ndilo likuyankha funso lanu.

N'zoona kuti oyang'anira nkhalango za thundu amadula mitengo. Ntchito yaikulu imene amachita ndi kupatulira, monga timachitira ndi chimanga chikamera chambiri paphando limodzi. Amachotsa mitengo yopanikizana ndi ya mitundu yosakhalitsa, n'kusiya yamphamvu, ya nthambi zotambasuka, makamaka thundu woyera ndi paini wachilengedwe amene amapirira pa zitunda zouma. Ntchito imeneyi imathandiza nkhalango ikadali yaing'ono kapena ya msinkhu wapakati, chifukwa mtengo umene wakalamba uli wopanikizika subwereranso mwakale ngakhale muupatse malo. Onani kuti pa kupatulira, wabwino ndiye amatsala. Wocheka matabwa ndi wootcha makala amachita mosemphana, amatenga wowongoka ndi wonenepa n'kusiya wopindika, ndipo nkhalango yodyedwa motero imatsala ndi makolo ofooka okhaokha.

Mitengo yakufa kale amaidula makamaka pa zifukwa ziwiri, kuti isagwere anthu m'misewu ndi m'malo ochezera, komanso kuti matabwa apulumuke asanaole. Samadzinamiza kuti kudulako kuchiritsa yotsalayo, popeza kufota kobwera ndi ukalamba ndi chilala sikudumpha kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina ngati chitopa cha nkhuku. Ina amaisiya dala chiimire kuti mbalame za m'mphako, mileme ndi njuchi zipeze pokhala. Ngakhale ku England, kumene mabakiteriya alipodi, malangizo a boma ndi akuti mtengo wochucha usadulidwe msanga ngati suopseza anthu, chifukwa ina imatseka mabala ake n'kuchira. Choncho mawu akuti tidule isanapatsire inzake alibe maziko pa mitengo yowerengeka youma apa ndi apo m'nkhalango ya miombo, ndipo kukayika kwanu ndikukumvetsa. Lamulo lakuti wodwala adulidwe likangokhazikika, mudzadabwa ndi kuchuluka kwa mitengo imene idzayambe kudwala, ina itazungulizidwa ndi nkhwangwa usiku.

Za moto nazo n'zoona. Atauletsa moto kwa zaka zambiri, a ku America anapeza kuti pansi pa mitengo ya thundu padzadza mitengo ina yokonda mthunzi, monga maple, ndipo mbande za thundu zikusowa dzuwa, kotero ikuluikulu ikamafa palibe wolowa m'malo. N'chifukwa chake anayambanso kutentha, koma amatentha nyengo yozizira, pa tsiku losankhidwa poyang'ana mphepo ndi chinyezi, malire atalambulidwa kale, anthu ozimitsa ali chire. Ife sitisowa kupita kutali kukaphunzira zimenezi. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, akatswiri anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo mu 1933, zina osatentha konse, zina kutentha kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitse, zina kutentha mu Okutobala. Patapita zaka, zigawo zotenthedwa mochedwa zinali zitataya pafupifupi mitengo yonse ya mombo ndi abale ake, n'kutsala udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto, pamene zotenthedwa moyambirira zinakhalabe nkhalango. Moto wa mu Meyi kapena mu Juni, woyatsidwa madzulo mwera utaleka, umangokwawa pansi n'kuzima ndi mame. Moto wa osaka mbewa wa mu Okutobala umakwera mpaka kunthambi, pa nthawi imene miombo yangotulutsa kumene masamba ake ofiira anthete pogwiritsa ntchito chakudya cha m'nkhokwe. Ngati komiti yanu ikufuna kutengera chinthu ku America, itengere kulambula malire ndi kutentha moyambirira, mothandizidwa ndi alangizi a zankhalango.

Chimene ndikufunitsitsa kuti mukauze anzanu pa msonkhano ndi ichi. Nkhalango yanu, monga nkhalango zambiri zimene zikubwerera m'malo amene munadutsa makala, yaphukira pa zitsa m'zaka zochepa zomwezo. Ndi ya msinkhu umodzi, yothithikana, pa mizu yakale, ndipo umu ndi momwe inayambira nkhalango ya ku Ozark zaka 100 zapitazo. Imakondweretsa kuiona lero, ndipo mwagwira ntchito yotamandika, koma ikangosiyidwa choncho, zidzukulu zanu zikhoza kudzaona mitengo ikukalambira pamodzi. Mankhwala ake ali m'manja mwanu tsopano. Pa chitsa chimene chatulutsa mphukira khumi, siyani ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo zikhale nkhuni ndi mitengo ya denga ya anthu a m'mudzi mwa dongosolo la komiti. Gawani nkhalango m'zigawo kuti musakolole ponseponse chaka chimodzi. Mitengo ikuluikulu yobereka mbewu, ya mitundu yosiyanasiyana, ikhale yosakhudzidwa.

Ndiponso mukalowa m'nkhalango, musamangoyang'ana kumwamba. Weramani muone chimene chikumera pansi, chifukwa akatswiri a thundu anaphunzira movutikira kuti kutsegula denga la nkhalango mbande zisanakhazikike ndiko kupereka malo kwa tchire. Pano mlombwa ndi thundu zimafanana modabwitsa. Kamtengo ka mlombwa kamamera, n'kuuma kumtunda m'chilimwe, n'kuphukanso dzinja, chaka ndi chaka, nthawi zina kwa zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo woona amayesa kuti sikakula, chonsecho pansi muzu ukunenepa. Muzuwo ukakhwima, kamtengoko kamathamanga kukwera. Mbande za thundu zimachitanso chimodzimodzi. Mbuzi ndi moto wa chaka ndi chaka zimatsekereza timitengo timeneti kuti tisadutse msinkhu wa m'mawondo, kotero chigawo chimene mwachipeza chili ndi mbande zambiri chipumitseni ku ziweto ndi ku moto kwa zaka zingapo.

Pa mitengo imene akuti yauma ija, musaweruze m'chilimwe. Mlombwa umayoyola masamba msanga mvula ikangotha n'kukhala mbulanda miyezi ingapo, ndipo munthu wosaudziwa angalumbire kuti wafa. Ukandeni pang'ono pa nthambi, ndipo ukatulutsa utomoni wofiira ngati magazi, uli moyo. Yendani monga komiti mu Febuluwale masamba ali pachimake, pamodzi ndi amfumu ndi mlangizi wa zankhalango, ikani chizindikiro cha penti pa mtengo uliwonse wopanda tsamba, lembani m'buku mtundu wake ndi malo ake, ndipo dikirani dzinja lotsatira. Umene sunaphuke kawiri ndiwo mukambirane, ndipo ukadulidwa phindu lake lilowe m'thumba la mudzi. Akumbutseninso abambowo kuti lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 zilango n'kukhwima, sililola kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo silisiyanitsa kuti mtengowo unali wodwala kapena wathanzi. Tsidya la malire, m'nkhalango ya boma ya Thuma imene bungwe la Wildlife Action Group limathandiza kuteteza, komiti ya mudzi ilibe mphamvu yololeza kudula mtengo uliwonse.

FUNSO

A Mlangizi, ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Salima. Ngati mayiko olemera akudziwa tizilombo timene tikupha mitengo yawo, bwanji osangopopera mankhwala pa ndege? Nanga ife, m'malo movutika ndi mitengo yachilengedwe imene imachedwa kukula, bwanji osangodzala bulugama paliponse?

Wophunzira, Salima

YANKHO

Mwanawe, mafunso ako ndi anzeru. Kupopera pa ndege kumachitika ndithu, koma makamaka pa mbozi zodya masamba, monga za gulugufe wina amene anatengedwa ku Ulaya n'kupulumukira m'tchire ku Medford, m'chigawo cha Massachusetts, cha m'ma 1869, ndipo mpaka lero akuwononga masamba a thundu kummawa kwa America. Mphutsi zoboola zimakhala m'kati mwa thunthu, bowa ali pansi m'mizu, ndipo mankhwala ogwa kumwamba safikako. Mtengo umodzi wamtengo wapatali wa pabwalo angaubaye jekeseni, koma palibe angabaye mitengo ya m'mahekitala 600,000, ndiponso palibe mankhwala ochiza ukalamba kapena chilala.

Bulugama ali ndi ntchito yake, ndipo munda wa bulugama wodzalidwa kutali ndi mitsinje ndi madambo umapeputsa katundu wa nkhalango zachilengedwe popereka nkhuni ndi mapolo. Koma kudzaza dziko ndi mtundu umodzi wa msinkhu umodzi ndiko kubwereza ndi manja athu vuto limene tafotokoza pamwambapa. Taziona kale kuno. Mu 1986 nsabwe za mitengo ya saipuresi zinapezeka m'Malawi, koyamba mu Africa muno, ndipo zinaumitsa mipanda ndi minda ya saipuresi, n'kugwiranso mkungudza wa ku Mulanje umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Bulugama yemweyo wafikiridwa m'zaka zapitazi ndi tizilombo tochokera kwawo ku Australia, tina totupitsa timitsempha ta masamba, tina toyamwa masamba mpaka kufiira ngati awauka.

Palinso chimene bulugama sangakupatse. Mizu ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku imakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka, bowayo akuthandiza mtengo kupeza madzi ndi michere, mtengo nawo ukumudyetsa, ndipo mitengo ya thundu ili ndi ubale womwewo. Ndelema ndi manyame amene amayi amagulitsa m'mbale m'mbali mwa msewu dzinja likafika ndi zipatso za ubale umenewu, kotero miombo ikatha ndiwo zimenezi zimathera pomwepo, pamodzi ndi masuku, matondo ndi uchi wa maluwa a m'tchire.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Kalabu ya kusukulu kwanu ikamakonzekera, isakanize mitundu, monga mbawa m'mbali mwa mitsinje, nsangu m'minda ndi mlombwa kumtunda, ndipo isatenge mbande za masamba opiringizika, otupa kapena za mizu yakuda ngakhale zikhale zaulere, chifukwa matenda ambiri a mitengo amayenda ndi mbande, dothi ndi nkhuni zimene anthu amanyamula. Ukaona mitengo yambiri ya mtundu umodzi ikufota malo amodzi m'nyengo imodzi, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, chimenecho ndicho chizindikiro cha mliri weniweni. Jambula mtengo wonse, tsinde ndi masamba, lemba tsiku ndi malo, dula kanthambi pamene pakumana mbali yamoyo ndi youma, ukakulunge m'pepala louma osati m'jumbo, ndipo ukapereke ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu kuti akatumize kwa akatswiri a bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba.